MBIRI YA KUPIMA MPWEYA UMENE UMABALA MAPULANETI

M'nkhani yathu ya lero ticoka pansi pano ndi kukweza maso kumwamba. Koma tisanatero, ndifuna kuti mukumbukire cinthu cimene nonse munacionapo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litakula mphamvu ndipo minda itauma gwaa. Kamvulumvulu amadzuka pabwalo la sukulu, nazungulira, nanyamula fumbi ndi masamba ouma. Tsono ndikufunseni: kodi cimene mumaona pamenepo ndi mphepo? Iai, mphepo siioneka ndi maso. Cimene mumaona ndi fumbi limene mphepoyo yasenza. Nanga munthu atakuuzani kuti mupime kulemera kwa mphepo yonse ya m'kamvulumvuluyo, mungayambire pati?

Funso lotere ndilo lakhala likusautsa akatswiri a nyenyezi kwa zaka zoposa 30. Kutali m'mlengalenga kuli nyenyezi zimene zangobadwa kumene, ndipo zambiri mwa izo n'zozingidwa ndi mpweya ndi fumbi zimene zimazungulira monga momwe cimbale ca galamafoni cimazungulirira pa msomali wake. M'zimbale zimenezi ndimo mmene mumabadwira mapulaneti. Dziko lathu lino nalonso linabadwira m'cimbale cotere, zaka pafupifupi mamiliyoni 4,600 zapitazo. Akatswiriwo afuna kudziwa kuti m'cimbale cimodzi muli mpweya woculuka bwanji, koma mpweyawo suoneka. Mbiri imene ndikuuzeni ndi ya anthu amene anayesa kupima cinthu cobisika, nalakwa, nazindikira kulakwa kwao, nayesanso.

GANIZO LOPANDA MBONI

Anthu akale anali kudziwa kuti pakati pa nyenyezi pali zina zowerengeka zimene sizikhala malo amodzi. Nthanda, imene makolo athu anali kuiona m'bandakuca, ndi imodzi mwa izo. Zimenezi si nyenyezi zeni-zeni, koma ndi mapulaneti, ndiko kuti maiko ozungulira dzuwa monga dziko lathu. Akatswiri atayang'anitsitsa mayendedwe ao anaona cinthu codabwitsa. Mapulaneti onse amazungulira dzuwa molowera mbali imodzi, ndipo njira zao zili ngati mizera yojambulidwa pa mphasa imodzi. Palibe pulaneti limene limadzera pamwamba pa mphasayo ndi kutulukira pansi pake.

M'caka ca 1755, Immanuel Kant wa mumzinda wa Königsberg ku Prussia analemba kuti cifukwa cake n'cakuti dzuwa ndi mapulaneti anacokera mu mtambo umodzi waukulu. M'caka ca 1796, katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, anafika pa ganizo lofanana nalo. Iwo anati mtambo wotere umadzikoka wokha ndi mphamvu yomweyo imene imagwetsera mango pansi. Pamene ukufinyika umazungulira mofulumira, ndipo pamene ukuzungulira umaphwatalala. Mukabaya mpira wa dongo lofewa pa kamtengo ndi kuupota mwamphamvu, mudzaona kuti ukuyamba kutambalala ngati mbale. Pakati pa mtambowo pamabadwa dzuwa, ndipo zotsalira m'mbalimo ndizo zimasanduka mapulaneti.

Ganizo limeneli linali lomveka, koma linalibe mboni. Kwa zaka pafupifupi 200 panalibe munthu amene anaonapo cimbale cotere ndi maso ake kapena ndi makina ake.

NYENYEZI ZAKHANDA ZIPEZEKA

M'caka ca 1852, John Russell Hind ali ku London anaona kanyenyezi kamene kuwala kwake kanali kusintha-sintha. Kanali m'gulu la nyenyezi lochedwa Taurus, gulu lomwelo mmene muli Nsangwe, ndipo kanapatsidwa dzina lakuti T Tauri. M'caka ca 1945, Alfred Joy wa pa phiri la Mount Wilson ku California anasonyeza kuti pali nyenyezi 11 za khalidwe lomweli, zopezeka pafupi ndi mitambo ya mpweya ndi fumbi. Patapita zaka ziwiri, Viktor Ambartsumian wa ku Armenia anati nyenyezi zimenezi n'zakhanda. Kuti mumvetse ukhanda wao, yerekezani kuti dzuwa lathu ndi munthu wa zaka 46. Nyenyezi ya zaka miliyoni imodzi ingakhale mwana wa masiku 4 cabe, amene sanatuluke n'komwe m'cikuta.

Umboni wa zimbale unadza pang'ono-pang'ono. Pali kuwala kwina kumene maso saona koma khungu limakumva, monga kutentha kumene mumamva mukayandikira mbaula. M'caka ca 1983, maiko a America, Netherlands ndi Britain anaponya m'mlengalenga telesikopu yochedwa IRAS, yoona kuwala kwa mtundu umenewu. Telesikopu ndi makina oonera zinthu zakutali. IRAS inapeza kuti nyenyezi zambiri zimatulutsa kuwala kotere kopyola muyeso, cizindikiro cakuti pali fumbi lofunda lozizinga. M'caka ca 1984, Bradford Smith ndi Richard Terrile ali ku Chile anajambula cimbale ca fumbi cozinga nyenyezi ya Beta Pictoris, ngakhale kuti ico cinali cimbale cokulirapo msinkhu, cotsala ndi mpweya wocepa. Ndipo kuyambira m'caka ca 1992, Robert O'Dell ndi anzake, pogwiritsa nchito telesikopu ya Hubble, anajambula zimbale zambiri m'mtambo wowala wa Orion, umene uli pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zimene timazicha Akamwiniatsatana. Mau a Kant ndi Laplace anapeza mboni tsopano.

CIFUKWA CAKE MPWEYA ULI WOFUNIKA

Mwina wina afunsa kuti, popeza zimbale zaoneka, n'cifukwa ciani tivutikenso ndi kupima mpweya wake? Yankho lili pa Jupiter, pulaneti lalikulu koposa onse ozungulira dzuwa. Jupiter amalemera ngati maiko 318 onga lathu, ndiponso amaposa kawiri kulemera kwa mapulaneti ena onse ataikidwa pamodzi. Koma mbali yaikulu ya thupi lake si miyala, ndi mpweya wa mitundu iwiri: haidrojeni ndi heliyamu. Akatswiri ambiri akhulupirira kuti pulaneti lotere limayamba ngati cibulumwa ca miyala ndi madzi oundana. Cibulumwaco cikafika pa kulemera kwa maiko ngati 10, cimayamba kukoka mpweya wa m'cimbale ndi kuumeza mofulumira.

Komatu mpweyawo sudikira. Wina umagwera m'nyenyezi, wina umauluzika ndi kutayika. M'caka ca 2001, Karl Haisch, Elizabeth Lada ndi Charles Lada anawerenga nyenyezi za misinkhu yosiyana-siyana, napeza kuti theka la nyenyezi limataya zimbale zao zisanapyole zaka mamiliyoni 3, ndi kuti pofika zaka mamiliyoni 6 pafupifupi zonse zimakhala zitataya. Kotero pulaneti longa Jupiter lili ngati mlimi wobzala m'caka ca mvula yaifupi: likacedwa, silikolola kanthu. Kuonjezera apo, mpweya ndiwo umakankha fumbi ndi kusuntha mapulaneti aang'ono pa malo ao. Munthu wosadziwa kuculuka kwa mpweya sangathe kufotokoza cifukwa cake nyenyezi ina ili ndi mapulaneti akulu-akulu ndipo ina ilibe, kapena cifukwa cake dziko lathu lili pamene lilipa.

M'caka ca 1977 Stuart Weidenschilling wa ku America, ndiponso m'caka ca 1981 Chushiro Hayashi wa ku Japan, anawerengera mpweya umene unafunika kuti mapulaneti athu apangike. Anacita monga mai amene, poona ufa uli m'licero, amadziwa kuculuka kwa cimanga cimene cinasinjidwa mwa kukumbukira gaga amene anapetedwa. Iwo anatenga kulemera kwa mapulaneti ndi kubwezerapo mpweya umene unatayika. Anapeza kuti cimbale cathu cinali cosacepera gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa dzuwa, ndiko kuti ngati ma Jupiter 10. Umenewu unakhala muyeso woyerekezera nao zimbale zina zonse.

MPWEYA WOBISALA

M'caka ca 1925, mtsikana wa ku England dzina lake Cecilia Payne, amene anali kuphunzira ku Harvard, anasonyeza kuti nyenyezi n'zopangidwa makamaka ndi haidrojeni ndi heliyamu. Akulu-akulu a nthawi imeneyo anakaika, koma pambuyo pake anavomera kuti iye ananena zoona. Zimbale nazonso n'zodzala ndi mpweya womwewo. Vuto n'lakuti mpweya umenewu ukazizira suwala.

Cinthu ciliconse n'copangidwa ndi tizinthu tating'ono-ting'ono tochedwa maatomu. M'malo ozizira, maatomu a haidrojeni amagwirana awiri-awiri, ndipo awiriwo n'ngofanana ndendende, monga mapasa. Timagulu ta maatomu timatulutsa kuwala mosavuta pamene mbali ina yasiyana ndi inzake. Koma pamene mbali zonse zili zofanana, kuwalako kumakhala kofooka kwambiri, ndipo kumafuna kutentha kuti kuoneke. Tsono m'mbali zakunja za cimbale, mmene muli mpweya wambiri, mumazizira kufika madigiri 250 pansi pa ziro. M'kuzizira kotere haidrojeni amakhala duu, ndipo heliyamu nayenso cimodzi-modzi.

N'zoona kuti m'caka ca 1970 George Carruthers, wasayansi wakuda wa ku America, anatumiza kamera yake kumwamba pa roketi, nakhala woyamba kupeza haidrojeni wa mapasayu pakati pa nyenyezi. Koma iye anamuona cifukwa kumbuyo kwake kunali nyenyezi yowala kwambiri, monga mmene utsi umaonekera pamene wadutsa patsogolo pa nyali. Zimbale zambiri zilibe nyali yotere kumbuyo kwao. Akatswiri anayenera kufuna cinthu cina cooneka cimene cimayenda pamodzi ndi haidrojeni, kuti popima ico adziwe za iye.

NJIRA YOYAMBA: FUMBI

Mboni yoyamba inali fumbi, monga m'kamvulumvulu muja. Fumbi lozizira limatulutsa mafunde onga a wailesi, aafupi ngati milimita imodzi, ndipo pali matelesikopu onga mbale zikulu-zikulu amene amagwira mafunde amenewa. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anali atapeza kuti m'mitambo ya pakati pa nyenyezi, pa kilogalamu imodzi ya fumbi pamakhala makilogalamu ngati 100 a mpweya. Kotero masamu anaoneka apafupi: pima fumbi, culukitsa ndi 100.

M'caka ca 1990, Steven Beckwith, Anneila Sargent, Rolf Chini ndi Rolf Güsten anafalitsa zimene anapeza ndi telesikopu ya mamita 30 ya pa phiri la Pico Veleta ku Spain. Anayang'ana nyenyezi zakhanda 86 m'dera la Taurus, ndipo pa 100 zilizonse, ngati 42 zinaonetsa fumbi. Ataculukitsa ndi 100, anapeza kuti zimbale zambiri zinali ndi kulemera kofanana ndi muyeso wa Hayashi kapena kuuposa. Inali nkhani yokondweretsa, pakuti inatanthauza kuti zofunika popanga mapulaneti zili ponse-ponse. Zaka zisanu pambuyo pake, m'caka ca 1995, Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapeza pulaneti loyamba lozungulira nyenyezi ina yonga dzuwa.

Koma njira ya fumbi inali ndi zilema, ndipo eni ake anazidziwa. Coyamba, fumbi la m'cimbale silikhala fumbi mpaka kale-kale. Limamatana, nilikhala mcenga, miyala, ndi matanthwe. Mukamwaza kilogalamu ya ufa m'mwamba, mudzi wonse uona mtambo woyera. Koma mwala wa kilogalamu imodzi suoneka ngakhale kwa munthu woima kuseri kwa nkhokwe. Momwemonso fumbi likasanduka miyala limabisika kwa telesikopu. Caciwiri, mpweya umakoka timiyala ndi kutitengera pafupi ndi nyenyezi, kotero fumbi ndi mpweya zimalekana njira. Cacitatu, nambala ija ya 100 inapimidwa m'mitambo, osati m'zimbale. Ndani akanatsimikiza kuti siisintha?

NJIRA YACIWIRI: MPWEYA WA PA MBAULA

Mboni yaciwiri ndi mpweya umene aphunzitsi anu amakucenjezani nao kawiri-kawiri. Mbaula ya makala ikasiyidwa m'nyumba yotseka usiku, imatulutsa mpweya wakupha wochedwa kaboni monokusaidi, umene asayansi amaulemba ndi zilembo ziwiri, CO. M'caka ca 1970, Robert Wilson, Keith Jefferts ndi Arno Penzias anapeza mpweya umenewu m'mtambo wa Orion ndi telesikopu ya pa phiri la Kitt Peak ku Arizona. CO ndi atomu ya kaboni yogwirana ndi atomu ya okosijeni. Popeza awiriwa si mapasa, CO amawala ngakhale m'malo ozizira. Ndipo m'mitambo, pa timagulu 10,000 ta haidrojeni pamakhala kagulu kamodzi ka CO. Apanso masamu anaoneka apafupi.

Koma CO wamba amawala mothithikana, kotero kuti telesikopu imaona pamwamba pa cimbale pokha, monga munthu woima kunja kwa nkhalango amaona mitengo ya m'mphepete cabe. Cifukwa ca ici akatswiri anayamba kufuna mitundu ya CO yosowa, ya maatomu olemererapo, imene imalola kuona mpaka m'kati. Kuwala kwake n'kofooka, ndipo kunafuna telesikopu yamphamvu kuposa onse akale.

Telesikopu imeneyo inamangidwa m'cipululu ca Atacama ku Chile, pa cidikha ca Chajnantor, mamita 5,000 pamwamba pa nyanja. Kumbukirani kuti mzinda wa Lusaka uli pa mamita ngati 1,300 cabe. Kumeneko mpweya ndi wouma kwambiri, ndipo mulibe cinyezi cochinga mafunde. Maiko a ku Ulaya, North America ndi kum'mawa kwa Asia anasonkha cuma ndi nzeru pamodzi ndi dziko la Chile. Dzina lake ndi ALMA, ndipo ili ndi mbale 66 zogwira nchito ngati diso limodzi, zimene zikhoza kumwazidwa pa mtunda wa makilomita 16. Inatsegulidwa mwalamulo m'mwezi wa Marici caka ca 2013, ndipo m'mwezi wa Novembala 2014 inaonetsa cithunzi ca cimbale ca nyenyezi ya HL Tauri, cokhala ndi mizera yowala ndi yakuda yozungulira, monga mizera ya pa citsa ca mtengo wodulidwa.

M'caka ca 2016, Megan Ansdell ndi anzake anayang'ana zimbale 89 m'dera la nyenyezi lochedwa Lupus. Fumbi analipeza m'zimbale 62, koma CO wosowa kwambiri uja anamupeza m'zimbale 11 zokha. Atawerengera, zinaoneka ngati zimbale zambiri zili ndi mpweya wosakwana ngakhale Jupiter mmodzi. Apa panabuka mkangano. Fumbi linali kunena kuti mpweya ulipo wambiri, CO anali kunena kuti watha. Mboni ziwiri zinatsutsana pabwalo. Kodi yonama inali iti?

NJIRA YACITATU: HAIDROJENI WOLEMERA

Woweruza mlanduwu anali atapezeka kale, ngakhale kuti anaweruza nkhani zitatu zokha. M'caka ca 1931, Harold Urey wa ku America anapeza kuti pali mtundu wina wa haidrojeni wolemera kawiri kuposa wamba, wochedwa deuterium. Atomu yolemerayi ikagwirana ndi atomu wamba, awiriwo sakhalanso mapasa eni-eni, ndipo amawala pang'ono. Kagulu kotere kamalembedwa HD. Pa timagulu ngati 30,000 ta haidrojeni pamakhala kamodzi ka HD. Ubwino wake ndi wakuti HD ndi mbale wake weni-weni wa haidrojeni: kumene haidrojeni apita iye apita komweko, ndipo saundana m'kuzizira kwa m'cimbale.

Koma kuwala kwa HD sikufika pansi pano, pakuti cinyezi ca m'mpweya wa dziko lathu cimakumeza. Pa 14 Mei 2009, maiko a ku Ulaya anaponya m'mlengalenga telesikopu yochedwa Herschel, dzina la William Herschel amene m'caka ca 1800 anatulukira kuwala kosaoneka kuja. Galasi lake linali la mamita 3.5, ndipo inakakhala pa mtunda wa makilomita 1,500,000 kucokera pa dziko lapansi. Edwin Bergin ndi anzake anailozetsa pa nyenyezi ya TW Hydrae. Nyenyezi imeneyi ili kumwera kwa thambo, ndipo imadutsa pafupi ndi pamutu pathu kuno ku Zambia madzulo a mwezi wa Epulo, ngakhale kuti siioneka popanda telesikopu. Kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 200 kuti kutifike.

Asanapime HD, akatswiri anali atapereka mayankho osiyana koposa pa cimbale cimeneci: ena anati n'colemera ngati theka la Jupiter, ena anati ngati ma Jupiter 60. M'mwezi wa Januwale 2013, Bergin ndi anzake analengeza kuti HD waoneka, ndi kuti mpweya wa m'cimbaleco ndi wosacepera ma Jupiter 50. Caka comweco Cécile Favre ndi anzake anasonyeza kuti CO wa m'cimbale cimeneci ndi wocepa nthawi 10 kufika 100 kuposa mmene anthu anali kuganizira. Mpweya unalipo, amene anasowa anali CO.

Nanga CO anapita kuti? Kumene kwazizira kwambiri, iye amaundana pa timiyala monga cisanu cimagwera pa udzu wa m'dambo m'mwezi wa Juni. Timiyalato tikakula timamira pakati pa cimbale, ndi kumutsekera komweko. Pamwamba pa cimbale, kuwala koopsa kwa nyenyezi kumamuphwanya. Ndipo wina amasandulika zinthu zina zimene zimaundana msanga. Mboniyo sinali kunama dala, inali itabisidwa.

M'caka ca 2016, Melissa McClure ndi anzake anapezanso HD m'zimbale ziwiri, za nyenyezi za DM Tauri ndi GM Aurigae, pofufuza zimene Herschel inasiya. Ndikuti inasiya, pakuti makina ake anali kuziziritsidwa ndi heliyamu wamadzi, malita oposa 2,000, ndipo pa 29 Epulo 2013 heliyamuyo anatha, telesikopuyo nicita khungu. Telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa pa 25 Disembala 2021, ndi yamphamvu ndithu, koma siiona kuwala kwa HD kwa mtundu umene Herschel inaona. Ndiponso HD ali ndi cilema cake: kuwala kwake kumadalira kwambiri kutentha kwa cimbale. Akatswiri ena atawerengeranso kutentha kwa TW Hydrae anapeza kulemera kocepera pa kumene Bergin anapeza, ngakhale kuti kunali koposabe kumene CO yekha anali kunena.

MPHAKA NDI MAKOSWE

Popeza woweruza wabwino uja anapita, akatswiri anafuna njira yokonzera umboni wa CO. Taganizani za mudzi umene simuonamo amphaka. Mwina mudziwo ndi bwinja, mulibe anthu, mulibe nkhokwe. Mwinanso anthu alimo, koma amphaka okha ndiwo anatha. Mungasiyanitse bwanji? Yang'anani makoswe. Ngati makoswe ali yakali-yakali, ndiye kuti cakudya cilimo ndipo amphaka ndiwo akusowa.

M'zimbale muli kagulu kena ka maatomu awiri a naitrojeni ndi imodzi ya haidrojeni, kolembedwa N2H+. CO amakaononga akakumana nako. Kotero CO ali ngati mphaka, ndipo iko kali ngati khoswe. Pamene kuwala kwa CO kuli kofooka koma kwa N2H+ kuli kwamphamvu, tidziwa kuti mpweya ulipo, CO ndiye wabisika. Dana Anderson ndi anzake anayesa njira imeneyi m'caka ca 2019. M'caka ca 2022, Leon Trapman ndi anzake anaiyesa pa zimbale zitatu zija zimene Herschel inapima, ndipo mayankho anagwirizana ndi a HD. Umu ndi mmene sikelo yatsopano imayesedwera: umayamba waikapo katundu amene kulemera kwake ukudziwa kale.

Panabukanso njira ina yosadalira mboni iliyonse ya mtundu umenewu. Kuyambira masiku a Isaac Newton tidziwa kuti liwiro la cinthu cozungulira limasonyeza kulemera kwa cimene cikucikoka. ALMA imatha kupima liwiro la mpweya, monga mmene khutu lanu limadziwira kuti sitima ikudza kapena ikupita pomva kusintha kwa kulira kwake. Cimbale cikakhala colemera, naco cimakoka mpweya wake womwe, ndipo m'mbali zakunja mpweyawo umathamanga kuposa mmene nyenyezi yokha ikanauthamangitsira. M'caka ca 2021, Benedetta Veronesi wa ku Italy ndi anzake anapima motere cimbale ca nyenyezi ya Elias 2-27, napeza kuti n'colemera ngati ma Jupiter 80. Njira imeneyi imagwira nchito pa zimbale zolemera zokha, koma ndi yothandiza poyesa njira zinazo.

M'caka ca 2025, gulu lotsogozedwa ndi Ke Zhang wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America linafalitsa zotsatira za nchito yochedwa AGE-PRO. Linapima zimbale 30 m'madera atatu a misinkhu yosiyana: Ophiuchus, Lupus ndi Upper Scorpius. Linapeza kuti cimbale ca pakati-kati mwa zakhanda kwambiri, zosapyola zaka miliyoni imodzi, cili ndi mpweya ngati ma Jupiter 6, pamene mwa zokulirapo muli wosakwana Jupiter mmodzi. Mpweya umacepa mofulumira poyamba, kenaka pang'ono-pang'ono, ndipo sucepa pa liwiro limodzi ndi fumbi. Tanthauzo lake n'lakuti pulaneti longa Jupiter liyenera kuyamba msanga, pamene mapulaneti a miyala onga lathu ali ndi nthawi yotalikirapo.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kucokera pa Kant kufika pa AGE-PRO papita zaka 270, ndipo nchitoyi siinathe, pakuti mayankho a njira zosiyana-siyana samagwirizana nthawi zonse. Koma taonani khalidwe la anthu amenewa. Pamene fumbi ndi CO zinatsutsana, iwo sanasankhe yankho lowakomera. Anafuna mboni yacitatu, ndi yacinai. Aliyense anafalitsa masamu ake poyera kuti anzake awayese, ndipo wopezeka wolakwa sanacite manyazi kubwerera. Inunso mukamapima kanthu, kaya ndi munda, kaya ndi thumba la mtedza, dzifunseni mafunso awiri: kodi ndapima cinthu ceni-ceni kapena cizindikiro cake cabe? Ndipo kodi pali njira ina yotsimikizira yankho langa?

KWA APHUNZITSI

Mukhoza kusonyeza phunziro limeneli m'kalasi ndi cimanga ndi nyemba. Thirani m'cithini maso a cimanga 500 ndi nyemba 50, ndi kuuza ana kuti pa nyemba imodzi pali maso a cimanga 10. Awerenge nyemba zokha ndi kupeza kuculuka kwa cimanga. Tsiku lotsatira, cotsanimo nyemba 40 mobisa, ndipo awerengenso. Adzayankha kuti cimanga ndi 100. Pamenepo aloleni awerenge cimanga ceni-ceni, ndipo afotokoze okha cimene casokoneza masamu ao. Afunseninso kuti nyembazo zikuimira ciani m'nkhani ya lero, ndi kuti munthu wosaloledwa kuwerenga cimangaco angazindikire bwanji kuti nyemba zinacotsedwa. Usiku wopanda mitambo wa m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, auzeni apemphe makolo ao awasonyeze Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo akumbukire kuti m'dera lomwelo la thambo muli nyenyezi zakhanda zimene zili pa nchito youmba maiko.